Ovidio Cordón ndi Mfuti Yake Yasiliva

Ovidio Cordón ndi mlamu wanga. Anakwatira mlongo wanga Remigia, ndipo sindinamukondepo. Amagula tchizi m'makola a ku Estanzuela n'kumakagulitsa mumsika wa ku Zacapa. Ntchito yake ndi imeneyo basi. Koma mukanamuona akuyenda, mukanati ng'ombe zonse za m'chigwa muno ndi zake.

Chinkamuyendetsa choncho ndi mfuti. Anaigula denga la nyumba yake likudontha. Inali yaikulu, yolemera ngati nsimbi yamakala, chogwirira chake chasiliva chojambulidwa mutu wa ng'ombe. Ankapisira malaya kuseri kwa chogwiriracho monga achitira amuna akwathu kuno, kuti anthu aone mfuti asanaone nkhope. Sanawomberepo munthu. Pa Khirisimasi ankawombera m'mwamba, nkhuku n'kubalalika.

Ine ndimasoka zikopa: zishalo za akavalo, malamba, zikwama za mfuti. Ovidio anabwera kwanga apolisi atamulipitsa chindapusa chifukwa choyenda mfuti ili poyera. Anamuchenjeza kuti akadzamupezanso choncho, mfuti ndi chiphaso chomwe zidzapita.

"Alamu, mundisokere chikwama chobisa," anatero. "Koma chisabise kwambiri."

"Chosabisa muli nacho kale."

"Ndikuti wapolisi asaone, koma munthu aone."

"Wapolisi si munthu?"

"Inu mano anatha, koma lilime lidakalipo."

Ndinamuuza kuti mfuti yakeyo si yobisa. Aigulitse, agule yaing'ono yopyapyala yogona bwino pachiuno, yomwe munthu angayende nayo tsiku lonse kutentha kuno osapendekeka.

"Kamfuti ka m'chikwama cha amayi? Ine? Mundiike m'manda kaye."

Ndinamusokera. Ndinatenga chikopa cholimba cha ng'ombe, chokuta kachitsulo kowombera kuti kasakoledwe ndi nsalu. Chikwamacho chinali cholowa mkati mwa thalauza, kuseri kwa fupa lachiuno, ndipo ndinasiya chikopa chotalika mbali ya thupi kuti thukuta lisadye chitsulo. Ndinamupatsanso lamba wokhuthala, chifukwa wake wakale akanapindika. Malaya ndinati azivala otakasuka, osapisira. Anadandaula kuti chogwirira chikumubaya m'nthiti akakhala m'galimoto. Ndinati ndinanena kale.

Mfuti inabisika bwinobwino, ndipo Ovidio anayamba kuwonda. Mumsika anthu ankamuyang'ana kumaso. Mayi wina anamutsutsa pa sikelo, anthu akumva. Oyendetsa galimoto anasiya kumupatsa njira. Ovidio ankabwera kunyumba n'kukalipira Remigia kuti nyemba zilibe mchere.

Tsiku la msika wa ng'ombe anakumana ndi Baudilio Sosa, woyandikana naye munda. Awiriwa akhala akukangana za ngalande yamadzi kuyambira ali ndi tsitsi lakuda. Baudilio nayenso amayenda ndi mfuti, koma yake sioneka, ndipo sizimuvuta.

"Taonani anthuni!" anafuula Baudilio, akumutchula mwaulemu wachipongwe. "Don Ovidio akuyenda maliseche lero!"

Amuna amene anatsamira pa mpanda wa khola anatembenuka.

"Samala pakamwa, Baudilio."

"Mwaipinyolitsa kodi? Kapena doña Remigia akulandani? Malaya kunja ngati mayi woyembekezera. Mwezi wachingati, achimwene?"

Anthu anaseka. Ine ndinali pomwepo ndi zishalo zanga. Ndinati, "Alamu, tiyeni tikamwe madzi." Sanandimve. Khosi lake linali litatupa.

Anagwira malaya n'kuwakweza mpaka pachifuwa, mimba yonse pamtunda. Kenako anazungulira pang'onopang'ono kuti aliyense aone siliva.

"Nayi! Waiona? Ufuna uinunkhize?"

Baudilio anavula chipewa. "Ndaiona, don Ovidio. Awonso aiona."

Apolisi awiri anali pa benchi kuseri kwa Ovidio, akudya chinangwa ndi nkhumba yokazinga. Anamaliza kudya, anapukuta m'manja, n'kubwera. Mmodzi anapempha chiphaso mwaulemu. Kenako anasolola mfuti ya Ovidio, anachotsa zipolopolo, n'kuikulunga m'nsalu. Ovidio ananena kuti amadziwana ndi akuluakulu. Wapolisiyo anati ndi bwino, akawauze.

M'mawa mwake anabwera pakhomo panga n'kuponya chikwama patebulo.

"Mwandiphetsa ndinu. Mukanasoka chooneka pang'ono, sindikanakweza malaya."

"Malaya anakweza ndani?"

"Mlamu wanji inu!"

Anatuluka osatseka chitseko.

Mfuti ndi chiphaso chomwe apolisi sanamubwezere. Kuyambira pamenepo sanapondenso mumsika. Amati msana ukumuwawa. Remigia ndiye amayendetsa galimoto tsopano, iye ndiye amanyamula tchizi ndi kukangana ndi ogula, ndipo ali ndi zaka zoti akanapuma. Ovidio amakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, komwe sikuoneka kumsewu. Baudilio anatsekula ngalande kuti madzi azipita kumunda kwake kokha. Akamadutsa pageti amaliza hutala ya galimoto yake. Ovidio satuluka.