Mgolo wa Alamu Anga

Mowa wowawasa ndinauphunzira ku Hull, kwa mzungu wina amene tinkanyamula naye makatoni kuweyahausi. Si masese a kwathu. Umayamba kuwirira m'chidebe chapulasitiki. Ukasiya kuwira, nsenga zikakhala pansi, ndi pamene umautsanulira mumgolo wamatabwa n'kuuiwala chaka chonse. Ukafulumira, umawirira mumgolomo, ndipo matabwa sasunga mowa wolusa.

Mgolo unali wa alamu anga, mchimwene wa akazi anga. Anabwera pa viza yosamalira okalamba, ankagona m'kachipinda kathu kakumwamba. Mgolowo anaugula okha, anabwera nawo pabasi ataukumbatira ngati mwana. Ankausunga ndi madzi kuti matabwa asaume, n'kumawasintha Loweruka lililonse. Mowa wanga, mgolo wawo. Tinagwirizana choncho.

Kenako kampani yawo inalandidwa chilolezo cholemba ntchito anthu akunja. Anafunafuna kwina, ku Leeds, ku Wakefield, osapeza. Tikiti yobwerera ku Malawi inagulidwa, ya Lolemba.

Lachisanu anandipeza m'kashedi kuseri kwa nyumba.

"Alamu, mowawu tiuthire mumgolo lero. Ndiuike ndi manja anga ndisanapite."

"Ukuwira," ndinatero.

"Kwathu timamwa ukuwira."

"Kwanuko mukupita Lolemba. Mukamwa."

Anaseka pang'ono, mano okha. Anagwira mgolo.

"Miyezi yonseyi ndausamalira."

"Munasamaliranso azungu okalamba. Akusungani?"

Akazi anga anandiuza madzulo kuti ndiwalole, munthu akupita wopanda kanthu. Ndinati mowa sudziwa za viza.

Loweruka ndinali pantchito. Alamu anakhuthula madzi aja, anatenga paipi, anathira mowa wonse mumgolo, nsenga ndi zonse. Chitsekero anachikhomera ndi hamala, mmene amatsekera chigubu cha thobwa chopita nacho kumunda. Sanandiuze.

Lamulungu m'mawa tinamva kuphulika kuseri. Chitsekero chinali chitamenya denga. Thovu linkatuluka pakamwa pa mgolo, linali pansi ponse, pakhoma, pa njinga yanga. Fungo linafika mpaka kwa oyandikana nawo.

Tsiku limenelo kutchalitchi anakonza zowatsanzika. Azimayi anaphika, abusa anakonza pemphero. Alamu anali atavala kale suti, ya buluu, imene anabwera nayo kuchokera kumudzi. Ndinawapatsa ndowa ndi chikolopa.

"Akundidikira kutchalitchi, alamu."

"Mulungu adikira. Ichi chikauma chimata."

"Ndikolopa ndikabwera."

"Munati manja anu. Ndi amenewo manja anuwo."

Akazi anga anandiyang'ana, ananditchula dzina limene sindilemba pano, anapita okha akulira. Alamu anavula jekete, anaipachika pachitseko, anagwada ndi buluku la suti m'thovu. Ine ndinakhala pa kreti n'kumawalozera pamene asiya. Pansi pa shelufu. Kuseri kwa njinga. Anamaliza anthu atabalalika kale. Chakudya chawo chinabwera m'kontena, chozizira.

Lolemba akazi anga anawaperekeza kusiteshoni. Ine ndinali ndi shifiti.

Mgolo unatsala wosadzaza, ndipo ndinalibe mowa wina wowonjezera. Mpweya unalowa. Ndinausiyabe chaka chonse, monga mwa lamulo lake. Nditatsegula, unali viniga weniweni, wotentha pakhosi, woti n'kuthira pa tchipisi.

Ndinadzaza botolo limodzi, ndinalitseka bwino, ndinapatsira mayi wina wa kutchalitchi amene ankapita ku Lilongwe. Ndinati akawapatse alamu, akawauze kuti mowa wawo wapsa.

Patapita masiku, uthenga unabwera pafoni. Chithunzi: alamu pakhonde, ataonda, tambula m'manja. Pansi pake analemba, "Ndaulawa, alamu. Ndi wabwino. Zikomo pondisungira."

Kaya ankanama, kaya mowa saudziwa.

Mgolowo ndinaudula pakati ndi sowo. Akazi anga amabzalamo mpiru. Umakula bwino, koma iwo sadyako.