Chithunzi cha mwana wa pa lole chajambulidwa lero

Moni nonse, ana ndi adzukulu.

Lero kwabwera mayi wa imvi wochokera ku Tengwe, dzina lake Esinati. Atangokhala pansi wanditchula agogo m'chinenero cha kuno, wati, "Sekuru, ndabwera kudzajambulitsa chithunzi chija."

Nthawi ya Chitaganya ndinkalemba nkhani za chipatala cha mishoni kufupi ndi Karoi. Mayi wina wosankha fodya pa famu anaberekera pa lole akubwera kuchipatala. Amishoni anafuna chithunzi cha khandalo m'nyuzi yawo, koma mayiyo anakanitsitsa: mchombo usanagwe, mwana saonetsedwa kwa alendo. Nkhani inatuluka yopanda chithunzi, ine n'kukalipiridwa.

Khanda lija ndi Esinati. Mayi ake ankamusimbira nkhaniyi, koma anamwalira iye akadali wamng'ono, asanadziwe kwawo ku Malawi. Wakhala akufunafuna mlembi wa nkhani ija, ineyo, kuti mwina ndingadziwe kwawoko.

Mwayi wake, wodwala aliyense ndinkayamba ndamufunsa kwawo, ndipo amene anandikalipitsa sindingamuiwale. Anali Nabanda wa ku Linthipe, ku Dedza. Esinati walira, kenako waseka mpaka kutsokomola.

Chithunzi tajambula, ndi icho m'munsimu. Inu a ku Dedza, tiyambire kwa yani kufunsa abale ake?