Bondo la Alendo

Apongozi anga ndi telala. Makina awo ndi opalasa ndi phazi, ndipo amakhala pawindo la chipinda chakutsogolo. M'mawa dzuwa likalowa, timaulusi timaoneka tikuyandama m'mwamba pang'onopang'ono, ngati sitikufuna kugwa. Mwana wanga wamkazi amakonda kugona pamulu wa zigamba, makina akumuimbira.

Zaka khumi ndi zinayi zapitazo, ine ndisanabwere pakhomopo, nyamakazi inawadya bondo lakumanja mpaka kuchipatala anawaikira lachitsulo. Powatulutsa, adokotala anati mwina liwatumikira zaka khumi ndi zisanu kapena makumi awiri. Iwo anangoti ndiye kuti lili ngati sopo, ukapakitsa amatha msanga. Basi anayamba kulisunga.

Ankapalasa makina ndi phazi lamanzere lokha. Lakumanja linkakhala pakampando, pakapilo komwe analisokera. Akaima ankatsamira kumanzere, ndipo kumsika ankatuma ife.

"Amayi, mwendo winawo mwaupatsa penshoni?" ankawaseka amuna anga.

"Iwe, mbale za m'kabati umadyera tsiku lililonse? Ili ndi la alendo."

Chaka chino bondo lamanzere linatupa, makina n'kukhala chete sabata zitatu. Nsalu ya yunifolomu ya mdzukulu wawo, mwana wanga uja, yemwe amayamba sukulu mwezi wotsatira, inali yodula kale, yangotsala kusoka. Tsiku lina ndinawapeza akuisisita, maso ali kunja.

"Mwananga, ndimalota ndikumuperekeza kusukulu, msewu uli wofewa ngati thonje. Ndikadzuka, limodzi latha, linalo latsala ndi chaka. Kapereke nsaluyi kwa telala wina."

Sindinakapereke. Ndinawatengera kuchipatala.

Adokotala anapachika zithunzi ziwiri powala. Pa chimodzi chitsulo chinkayera mbee, chili m'malo mwake. Pa chinacho mafupa anali atagundana.

"Mayi, lachitsuloli silinagwedere, likhoza kukufikitsani patali. Chafooka ndi minofu yake. Mumalichita chiyani?"

"Ndimalisunga, bambo."

"Mukusungira ndani? Kutha limatha ndithu, koma si kupalasa makina kungalimalize. Mnzakeyu wasenza yekha katundu wa awiri, nyamakazi n'kumupezerera. Tiyamba ndi mankhwala ndi mafizo."

M'basi apongozi anangoika dzanja pabondo lakumanja, ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake wotayika kalekale.

M'mawa mwake ndikutsuka mbale, ndinamva makina akudodoma, kuima, kuyambanso. Ndinasuzumira. Kapilo kanali pansi, mwana atakatsamira. Phazi lakumanja linali pachopondera, likunjenjemera ngati la mwana wophunzira kuyenda. Msoko woyamba unakhota, anausomola, n'kubwereza.

"Amayi, nanga la alendo lija?"

Sanatukule mutu. Analoza mdzukulu wawo ndi chibwano.

"Mlendo wake ndi ameneyo. Tamudzutsa ndimuyese m'mapewa."