Helimeti ya Lohith, Mutu Wanga

Anzanga, Lohith ndinakumana naye pa maloboti a ku Shivajinagar, mumzinda wa Bengaluru, ndipo mawu ake oyamba anali chipongwe.

Ndinali pa njinga yamoto ya bambo anga, ndikuthamangira kuntchito ku famase. Getsi lobiriwira litangoyaka ndinachoka ngati wina wandithira madzi otentha. Pa maloboti otsatira anandipeza, njinga yake ikufuka utsi.

"Mlongo, mwaba chiyani kuti muzithawa chonchi?"

Ndinamuyankha kuti njinga yakeyo ikufunika kuchipatala. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundipatsa nambala. Anali makaniko, wamfupi ngati ine ndemwe, koma wa kamimba ka biriyani.

Pasanathe miyezi iwiri, Lamlungu lililonse ndinkathera mu galaja yake. Kumeneko anali ndi njinga ina yakale imene anaikonza yekha kuti izichita mpikisano wa pamzere wowongoka: mamita 402, awiriawiri, wofika msanga ndiye wapambana. Injini ankaidziwa ngati mwana wake, koma dzanja lake pa kilatchi linali lolemera, getsi likayaka ankakhala ngati akuyamba waganiza kaye. Ine ndimalemera makilo 46, ndipo kudikira sindikudziwa.

Chaka choyamba tonse tinali ndi malayisensi a mpikisano, tinkasinthana njinga. Ine ndinkamaliza m'masekondi 13, iye 14 ndi kenakake. Nsanje analibe. Ankandigulira khofi ndi dosa, kachikondamoyo kopyapyala ka mpunga, n'kumauza aliyense kuti manja ndi ake koma liwiro ndi la Nethra, ineyo.

Ndinamukonda, anzanga. Ndinamukonda mopusa.

Kenako bungwe loyendetsa mipikisano linakweza mitengo. Layisensi, ndalama yolembetsera, inshuwalansi, zonse pamodzi. Chaka chotsatira linakwezanso. Anzathu ena anagulitsa njinga, ena anabwerera kumsewu waukulu kukathamangitsana pakati pa malole, ndipo mmodzi sanabwerere kwawo. Ife tinaphatikiza zonse zimene tinali nazo, zinangokwanira munthu mmodzi.

Sabata yonse ndinali wosakhazikika, ndinkazungulira mu galajamo mpaka Lohith anandigwira mapewa.

"Dzina likhale langa, pampando ukhale iwe. Helimeti ili ndi galasi lakuda, adziwa ndani?"

Ndinafunsa chifukwa chake dzina lisakhale langa. Anati njinga inalembetsedwa kale m'dzina lake, kusintha mapepala n'kulipiranso. Zinamveka zanzeru, ndinavomera.

Tsiku la mpikisano, pa bwalo lakale la ndege kunja kwa Bengaluru, iye anakaonetsa mapepala ndi nkhope yake m'mawa. Kenako tinalowa mu vani ya mnzake, ndinavala jekete yake yachikopa. Inali khwekhwerere! Tinapinda thaulo n'kuliika pamimba kuti ndifanane naye, tinaseka mpaka misozi.

Pamzere woyambira dzuwa linali phwee, thukuta likulowa m'maso. Getsi litayaka sindikumbukanso chilichonse, phokoso basi ndi mphepo.

Masekondi 12.4. Palibe anafikapo tsiku limenelo.

Ndinabwerera mu vani, ndinavula jekete, iye anaivala popanda thaulo n'kupita kukalandira chikho. Ndinkamuonera pawindo ndikuwomba m'manja ndekha. Pobwera anandipatsa kapepala kolemba nthawi, nandipsompsona pachipumi.

Tsiku lomwelo a Pinto anamuitana. A Pinto ali ndi timu yaikulu, ndipo okwera awo amawalipirira zonse, layisensi ndi matayala omwe. Masiku ano popanda munthu ngati iwo sufika pamzere. Lohith analumbira kuti akawauza zoona, kuti mpandowo ndi wanga.

Sabata inatha... ina inatha. Foni ankayankha mwa apo ndi apo, ati ntchito yachuluka. Ku famase ndinkapereka mankhwala diso lili pa foni, mpaka abwana anandikalipira kawiri.

Kenako ndinaona chithunzi pa peji ya timuyo. Lohith mu jekete yatsopano yofiira, a Pinto atamugwira paphewa. Pansi analemba kuti ndi mnyamata wa masekondi 12.4.

Ndinafika ku galaja n'kumuonetsa chithunzicho. Sanakane. Anati tikaulula atiletsa tonse mipikisano, chikho chibwezedwa, ndipo a Pinto sadzatiyang'ananso. Anati akuchitira ife, tikadzakwatirana ndidzamvetsa. Mtima wanga unayamba kufewa, ndisanama. Ndiye anatsegula kabati n'kutulutsa jekete yofiira ija.

"Mwezi wamawa kuli mpikisano. Yakulako pang'ono iyi, Nethra... udzabwere ndi mathaulo awiri."

Anzanga, sindinakuwe. Ndinangomufunsa kuti mpaka liti.

"Iwe umakonda kuthamanga, si choncho? Dzina ulitani?"

Ndinatuluka osatseka chitseko.

Mwezi wotsatira ndinagula tikiti ya oonerera, ndinaima kumpanda ngati wina aliyense. Getsi litayaka Lohith anayamba waganiza kaye monga mwa masiku onse. Masekondi 14.1. A Pinto anavula magalasi n'kumayang'ana bolodi loonetsa nthawi ngati lawonongeka.

Ndinkaganiza kuti ndisangalala, koma ndinalira mu basi njira yonse. Ndinkamukondabe, ndipo ndinkadziwa kuti pa njinga ya a Pinto ndikanatsika pa 12.

Wakhala akuimba. Sindikuyankha.

Thaulo lija mayi akupukutira mbale. Ine ndikusunga ndalama ya layisensi yangayanga, ngakhale njinga yampikisano ndilibe, ndipo sabata yatha ndamva kuti akwezanso.

Kapepala kaja kali kuseri kwa foni yanga. Ndimakatulutsa mwina kasanu patsiku. Masekondi abwino kwambiri a moyo wanga alembedwa pamenepo, ndipo pamwamba pake pali dzina la munthu amene anali atakhala mu vani.

Kondani, anzanga, sindikuletsani. Koma munthu akakuuzani kuti mubise nkhope kuti iye aoneke, musapinde thaulo.