Boti Louluka la Amalume

Chaka chimene ndinkakwatiwa, amayi anakana kuti amalume awo akhale ankhoswe anga. Kwathu ku Ndunde, atsikana onse a mbumba yathu anakwatiwa mkulu ameneyo ataimirira, ndipo ine sindinkafuna kukhala woyamba kubwerekeredwa nkhoswe. Koma amayi anati amalumewo mutu wayamba kusokonekera.

Umboni wawo unali boti. Amalume anapita ku usilikali ali mnyamata, ndipo atabwerako sankakamba za kumeneko. Anadzayamba atakalamba. Ankati kunyanja yamchere anaona boti lamapiko limene azungu ankaliyesa, loti lizizungulira kutali pamwamba pa nyanja kusaka sitima za adani. Linkathamanga pamadzi mpaka kunyamuka, ndipo pobwera linkatera pamadzi pomwepo. Nkhaniyi ankaikamba kutchalitchi, pamaliro, ngakhale atakwera kabaza. Anthu ankangotsinana.

"Ukufuna akawauze akuchimuna za boti louluka?" anandifunsa amayi. "Adzati mtundu wonse ndi wamisala."

Kunena zoona, inenso sindinkakhulupirira. Boti ndinkalidziwa, ndege ndinkaiona ikudutsa kupita ku Chileka, koma ziwirizo n'kukhala chinthu chimodzi? Chimene chinkandiwawa n'choti munthu amene ankakumbukira malire a munda uliwonse m'mudzi ankamuweruza ndi nkhani imodzi. Ine ndine wamakani, ndiye tsiku lina ndinakwera pachulu pamene timapezera netiweki n'kufufuza pafoni, ndikuopa kuti sindipeza kanthu.

Chinatulukira chithunzi chakale chopanda mitundu. Pansi linali boti ndithu, litakhala pamadzi, pamwamba mapiko ataliatali. Ndinaseka ndekha pachulupo ngati wamisala weniweniyo. Mtima unakhala pansi kuposa tsiku limene ndinamva zoti ndakhoza mayeso.

Amayi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anandibwezera foni.

"Pita ukawauze amalume kuti akuchimuna akubwera Loweruka," anatero. Amayi sapepesa ndi pakamwa.

Amalume ndinawapeza kudimba akuthirira mpiru. Ndinawauza za Loweruka, n'kuwapatsa foni. Anapukuta manja m'malaya, n'kuigwirira patali monga achitira okalamba.

"Si lomwelo, lathu linali lalifupi mphuno," anatero. "Koma mtundu wake ndi womwewu. Waona injini anaziika pamwamba? N'cholinga choti madzi asalowemo."

Anakhala pansi pamzere, osasamala kuti ndi ponyowa, chala chili pa mapikowo. Ndinkayembekeza kuti anyoza onse amene ankawaseka, ndipo ndinali wokonzeka kuwathandiza. Iwo anangopuma mozama.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero. "Anzanga amene tinaliona limodzi anatha onse. Nanenso ndinali nditayamba kuganiza kuti mwina ndinalota."