Kachubu kamene ndinamana aneba

Zinayamba ndi katuza pansi pa mphuno. Ndinakaona pomusambitsa mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali atangosiya kuyamwa. Kanaphulika, pamwamba pake panabwera nkhanambo yachikasu ngati uchi wouma, kenako tina tinatuluka pachibwano. Zilonda si zachilendo kwa ana a ku malaini a esiteti, makamaka nyengo ya mvula. Chimene chinandiopsa ndi mwana wa aneba.

Nyumba za kampani ndi zogundana, khoma limodzi mabanja awiri. Kuseri kwa khoma lathu kumakhala mayi wothyola tiyi, wamkulu kwa ine, amene anandilandira ngati mng'ono wawo nditangobwera kumene kuchokera ku Thuchila. Anali ndi ana awiri. Wamng'onoyo anayamba chimodzimodzi, tizilonda kukamwa. Anamupaka mankhwala otsala a khomo lina, kachubu kophwatalala kamene kanali katayenda laini yonse mpaka zilembo kufufutika. Zilonda zimakhala ngati zauma, kenako n'kubweranso. Tsiku lina nkhope inatupa, maso kutsekeka, mkodzo kufiira ngati tiyi wopanda mkaka. Pomwe ankathamangira naye kuchipatala zinthu zinali zitaipa kale, mwanayo anamwalira. Sindinganene kuti ndi kachubuko, ine si dokotala. Koma pakhonde pamene ankakhala mwanayo mpaka lero ndimalambalala.

Ndiye sindinadikire bambo ake kuti aweruke ku fakitale. Ndinabereka mwana, kukwera kabaza, ulendo wa kuchipatala.

Anamwino anamuyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Mwamupaka chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Zoona? Inu a ku malaini mumabwera mutathira kale ufa wa m'makapisozi, ena mankhwala otsukira mano, ena mpaka mafuta oyeretsera khungu. Inuyo ndiye mwakhala woyera mtima lero?"

Ndinalephera kuseka. Ataona zimenezo, anatsitsa mawu. Anandipatsa kachubu kakang'ono, n'kundiuza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Musambe m'manja ndi sopo musanapake, mukapakanso musambe. Nkhanambo muziinyowetsa ndi madzi ofunda, osaisenda ndi mphamvu. Mupake pang'ono chabe, osati ngati majarini pa buledi. Asalowe m'maso kapena m'kamwa. Zikhadabo mumuwenge, kansalu kopukutira kakhale kake yekha. Masiku amene ndakuuzaniwa mumalize, ngakhale muone ngati zapola. Zikafalikira, thupi likatentha, kapena akatupa, mubwere tsiku lomwelo.

"Ndipo mankhwalawa ndi a mwana uyu yekha. Mwamva? Chilonda cha wina chikhoza kufanana ndi ichi koma matenda ali ena."

Ndinavomera. Kuvomera m'chipinda cha anamwino ndi kosavuta.

Ku malaini kuli lamulo losalembedwa. Mchere, moto ndi mankhwala samanana. Womana mankhwala amamuyang'ana ngati mfiti, akafika pampopi anthu amasiya nkhani. Ndipo palibe chobisika. Ndisanatsike n'komwe kabaza, laini yonse inali itadziwa kuti ndabwera ndi kachubu katsopano.

Madzulo a tsiku lotsatira, chiperoni akuwaza, aneba anagogoda. Anali asanavule pulasitiki ya kumunda, masamba a tiyi atamatirira m'miyendo. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo wamkazi, wotsala yekhayo, akutsimphina.

"Amake mwana, odi. Tangondifinyirani pang'ono pa chalapa. Mnzanuyu mwendo wayamba."

Anatambasula chala. Ndinayang'ana mwendowo. Chilonda chinali chokumbika, mozungulira mofiira, motupa, ndipo nditamugwira pamphumi ankatentha. Ndinaona nkhope ya mlongo wake uja, yotupa ija, ili pomwepo pakati pathu. Kachubu kanali m'thumba la siketi yanga, ndikukamva pantchafu.

"Achemwali, pepani. Anandiletsa."

"Akuletsani ndani?"

"Anamwino. Akuti ndi ka mwana wanga yekha."

"Anamwinowo amagona pa laini ino? Tsiku lija munkabuula ndi mimba anabwera ndi anamwinowo kapena ine?"

Chala chinali chikadali chotambasula.

"Ndiye mukufuna ndiike wachiwiri, eti?"

Mawu amenewo mpaka lero amandibwerera ndikamatsuka mbale. Ndinati, ndikulira, achemwali uyu akutentha thupi, ichi si cha mankhwala opaka, mundipatse ndipite naye ine mawa, inu mukalowe kumunda kapitawo asakuvuteni. Anapukuta chalacho pa pulasitiki ngati pali chimene ndawapakapo, n'kumukoka mwana kulowa kwawo.

Kutacha ndinamupeza mtsikanayo atakhala pakhonde panga, atasambitsidwa, atavekedwa diresi ya kutchalitchi. Mayi ake anali atapita kale kumunda. Wanga ndinabereka kumbuyo, winayo ndinamukhazika pakati pa ine ndi wakabaza, mwendo nditaukulunga ndi chitenje china kuti asakhudzane.

Anamwino omwe aja anangouona mwendowo n'kuitana adokotala. Anatsuka chilondacho, anapereka mankhwala akumwa, ndipo anati ndidzabwerenso naye adzaone. Za opaka sanazitchule n'komwe. Zonsezi ndinawauza aneba pakhomo pawo, ndili chiimire. Analandira mankhwalawo ndi manja awiri, maso ali pansi, n'kutseka chitseko.

Masiku otsatirawo ndinkakhala ngati mlonda. Kusamba m'manja mpaka khungu kuuma, kunyowetsa, kupaka, kumugwira mwana wanga timanja kuti asakande. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndi maso ake, ngati atupa, kenako kudina mapazi ndi chala, kenako kusuzumira m'kapoti kake. Khutu lina lili ku khoma. Ndikamva mtsikana uja akutsokomola kuseri, supuni imagwa m'manja mwanga. Pampopi azimayi ankandipatsa mpata waukulu kwambiri. Wina anati, "Patukani, adokotala atunge."

Nkhanambo zinayamba kugwa zokha. Mtima unati basi zapola, koma ndinapakabe mpaka tsiku lomaliza limene anandiuza. Panatsala timadontho takuda pachibwano, tomwe tinazimiririka patapita nthawi. Nkhope sinatupe. Winayonso anasiya kutsimphina, ndinamuona akudumpha ngalande popita kusukulu.

Mu kachubu munatsala mankhwala pang'ono. Ndinadziwa kuti kakakhala m'nyumba, tsiku lina kadzatuluka pakhomo. Ndinakaponya m'chimbudzi masana, anthu akuona, kuti wina asadzavutike kugogoda.

Aneba amandipatsa moni tsopano, moni wa ulemu, wonga wa kwa mlendo. Mwana wanga akathamangira kwawo amamunyamula, n'kumutembenuzira kowala, n'kumuyang'anitsitsa kukamwa nthawi yaitali. Kenako amamutsitsa.