Kaseti Yotsala ya Achimwene

Nyimbo zauzimu za masiku ano ndimazimva m'minibasi, ndipo sindidana nazo. Koma zoti munthu mmodzi azidina kiyibodi, ng'oma zikudziimba zokha, ine sizindifika pamtima. Ndinakulira za magitala amagetsi, zija achimwene anga ankaimba ndi anzawo a kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Nsipe. Magitala ankalumikiza ku batire ya galimoto, ng'oma zinali za chikopa cha mbuzi, ndipo achimwene akafika pa dzina la Yesu mawu ankachita kusasa. Akulu ampingo ankati ndi nyimbo za m'bala zovala jekete. Komatu anyamata othawa mapemphero ankadzaza bwalo, n'kubwerera kwawo mavesi ali pakamwa. Nyimbo zija zinali ndi thukuta, ndipo mpaka lero palibe angandiuze kuti zilipo zoziposa.

Anajambula makaseti angapo pa wailesi yobwereka, osati ogulitsa, ongosunga m'katoni. Achimwene atamwalira, pogawa katundu aliyense anathamangira njinga ndi nsapato. Katoni ija inatsala ndi akazi awo, ine n'kumati ili pabwino.

Chaka china ndinapita kukawaona alamu angawo, n'kuwapeza kudimba. Pamwamba pa nazale ya kabichi panali timaulusi takuda tonyezimira, tomangidwa pa timitengo, tikuvina ndi mphepo. Kwathu ndi mwana yemwe amadziwa kuti ulusi wa kaseti umathamangitsa mbalame.

"Alamu, makasetiwa mwawatenga kuti?"

"Aja a m'katoni. Nanga wailesi yake ilipo? Mpheta zimandithera mbewu."

"Onse?"

"Yatsala imodzi. Ndimati mawa ndimange pa tomato."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Mawu a achimwene kunalibenso kwina koti n'kuwamva, ndipo chithunzi sichiimba. Koma wolima anali iwo, wodyetsa ana anali iwo, choncho ndinameza mawu. Ndinangowapempha kuti atenge kasetiyo tipite ku Nsipe, kwa bambo wina wachisilamu wa golosale yemwe ankasungabe wailesi ya makaseti. Alamu anapita monyinyirika, akudandaula za madzi osathirira. Bamboyo anauzira fumbi, anabweza ulusi ndi bolopeni, n'kudina.

Kunamveka kaphokoso kaye, kenako achimwene kutsokomola. "Tiyambirenso, ng'oma zathamanga," anatero. Basi magitala analira, nyimbo n'kudzaza sitolo yonse. Ogula anaima pakhomo, mwini golosale akugwedeza mutu ngati nyimboyo ndi ya kwawo.

Alamu anali atakhala pa thumba la kachewere, nsonga ya chitenje ili pakamwa. Nyimbo itatha anachotsa chitenjecho pakamwa.

"Ndinali nditaiwala kuti ankatsokomola asanayambe," anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Bwezaninso, bambo. Tomatoyo mbalame zidye."